Nthanda Si Mkazi wa Mwezi

Limbuli,
Mulanje.
18 Meyi 2025

Okondedwa achimwene a Jamilu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo ndi mphamvu ku Joniko, ndipo kuzizira sikunayambe kukulumani zala. Kuno chiperoni chafulumira chaka chino, phiri takhala masiku atatu osaliona, koma tonse tikudzuka bwino.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pomwe foni ndili nayo. Mawu a pa WhatsApp mumawamvera muli pagulu, ndipo ndikaimba mumandidula pakamwa ndisanafike ndi pakati pomwe. Pepala silidulidwa pakamwa. Ndapatsira a Morris, adalaivala aja amanyamula katundu wa anthu, ndipo akuti afika kumeneko Lachinayi. Muiwerenge mutakhala pansi, muli nokha.

Uthenga wanu ndinaumva. Anjomba a Abdulkarimu, malume athu, anauika pa sipika pakhonde panga, anthu asanu ndi atatu ali tcheru. Munati: “Mwanaisha apereke chifukwa chomveka chokanira a Osman. Ngati alibe, awalandire. Akakanabe, nyumba aisiyire mng’ono wake Najma amene ali ndi ana anayi, chifukwa mkazi wopanda mwamuna, wopanda mwana, zipinda zitatu achita nazo chiyani?” Sindibisa achimwene, ndinapsa mtima kwambiri. Njerwa za nyumba imeneyi ndinaumba ndekha, ndi mapazi angawa ndinaponda dothi lake, ndipo amayi anatsirizikira m’manja mwanga m’chipinda chapakati, inu mukulira pafoni. Anjomba akuti tikumananso pa 31 mwezi uno, ndipo mawu otsiriza ndi anu popeza amayi anasiya malowa m’manja mwanu. Ndiye musanayankhule kachiwiri, mundimve kaye.

Zimene mukudziwa ndi izi. Ndakhala pabanja ndi a Osman zaka zisanu ndi zinayi, mwana sitinaone. Zaka ziwiri zapitazo anakwatira mtsikana wina, Latifa, ku Chinakanaka, osandiuza ine kapena ankhoswe. Ankati akukagula nandolo. Ine ndi kupusa kwanga sindinadzifunse kuti nandolo wake ndi wotani wopezeka chaka chonse, ngakhale mu Febuluwale. Nditazimva mu Januwale ndinalongedza zovala zawo m’matumba awiri, ndinazimangirira panjinga yawo bwinobwino ndi mphira, n’kuiimika panja. Sindinatukwane munthu. Koma lero sindikufuna kuyamba ndi a Osman. Ndikufuna ndikuuzeni za buku.

Mukudziwa kuti mapepala okulungira mandasi ndimagula pa kilo mumsika muno. Mwezi wa Febuluwale, pakati pa manyuzipepala akale, munapezeka buku lachingerezi lalikulu, lopanda chikuto. Sindinaliyang’ane n’komwe. Ndinayamba kuthothola chakumapeto monga ndimachitira, n’kumakulungira anthu mandasi awo. Pamene diso langa limagwera pa chithunzi cha mpira wachikasu wovala mkombero ngati chipewa, mapepala ngati makumi atatu anali atapita kale. Linali buku la mapulaneti, maiko aja amazungulira dzuwa pamodzi ndi lathuli. Chingerezi changa cha Folomu 3 chinachita dzimbiri, koma ndinalimbana nalo pang’onopang’ono, makasitomala akachepa.

Achimwene, kumwambaku kuli zinthu. Pamutu pa Saturn, wa chipewa uja, pali chinthu cha ngodya zisanu ndi imodzi, ndendende mabowo a dengu lothyolera tiyi. Si mwala, si chomanga munthu, ndi mphepo yokhayokha, ndipo mbali yake imodzi ndi yaitali kuposa kutambalala kwa dziko lathu lonse. Mphepo imene ndimaidziwa ine, kaya ya chiperoni kaya kamvuluvulu wa pabwalo la mpira, siidziwa ngodya. Pali lina lotchedwa Uranus limene limayenda chogona chammbali ngati mgolo woukunkhuniza, pomwe anzake onse amayenda ali chilili. Pa Jupiter pali namondwe wofiira amene anayamba makolo athu asanawoloke kuchokera ku Mozambiki, mpaka lero sanaleke. Ndiye pali Mlalang’amba, msewu woyera uja tinkauona tili ana. Kani ndi mudzi wa nyenyezi wosawerengeka, ifenso tili momwemo, ndipo midzi yotere ilipo yambirimbiri. Akuti imazungulira mothamanga kwambiri, moti nyenyezi za m’mphepete zikanayenera kuthothoka ngati matope pa tayala la kabaza. Koma sizithothoka. Pali china chake chimene chikuzigwira, chochuluka kuposa zonse zooneka, koma palibe anachionapo.

Chimene chinandigwira mtima ndi Venus. Anzake pafupifupi onse amatembenukira mbali imodzi, iye amatembenukira kwina, moti kumeneko dzuwa limatulukira kumadzulo. Amatembenuka mwaulesi kwambiri, kuti amalize kutembenuka kamodzi, chaka chake chimakhala chitatha kale. Kukula kwake n’kofanana ndi dziko lathu, koma alibe mwezi ngakhale umodzi.

Tsono mutu uliwonse m’bukumo umathera pa funso. Chifukwa chiyani ngodya zisanu ndi imodzi? Chinagwetsa Uranus n’chiyani? Ine ndinaganiza monga aliyense amene anadutsa sukulu ya kwathu kuno: mayankho ali kumapeto, ngati m’buku la masamu. Ndipo kumapetoko ndinali nditagulitsa pamodzi ndi mandasi.

Musaseke, ngakhale ndikudziwa kuti mwayamba kale. Ndinatha masiku atatu ndikufunsa a kabaza, ogulitsa tomato, ndi amayi a kaunjika kuti pepala ndinakukulungirani lija munataya pati. Ndinatola awiri, limodzi m’ngalande, lina pansi pa benchi la osoka nsapato. Onse anali mndandanda chabe wa mawu ndi manambala. Msika wonse unagwirizana kuti kutha kwa banja kwamuzunguza mutu Mwanaisha.

Amene anandipulumutsa ndi a Janeti, aphunzitsi a sayansi a kusekondale, amene amagula mandasi asanu m’mawa uliwonse. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsamwa.

“Mayi, mtima pansi, mayankho simunagulitse,” anatero. “Kulibeko.”

“Kulibe bwanji? Buku lonseli, azungu ndi makina awo?”

“Zongoganizira zilipo. Ena akuti Venus anagundidwa ndi chinthu chachikulu kalekale. Ena akuti ndi mphamvu ya dzuwa ndi mpweya wake wolemera zinamutembenuza pang’onopang’ono. Koma woti angalumbire kuti ndi ichi, palibe.”

“Ndiye angokhala, manja m’thumba?”

“Ayi. Akuyang’anabe. Amatumiza makina, amayeza, akalakwitsa amayambiranso. Kunena kuti sitikudziwa si manyazi kwa munthu amene wayang’ana.”

Mawu amenewo ndinawasunga. Kenaka anandiuza china chimene ndinakana poyera. Akuti Venus ameneyu ndi Nthanda yomweyi, nyenyezi yowala ya m’bandakucha, ndipo nyenyezi yowala ija imaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa ndi yomweyonso. Ndinati madamu, apo ndiye mwanama, zimenezo ndi ziwiri, mwana aliyense amadziwa. Iwo anati, “Musakhulupirire ine. Ramadhani ikuyamba, muziyang’ana nokha.”

Ndinayang’anadi. Masiku oyamba a swaumu, kusala kudya kwathu kuja, nthawi yomasula, inali mbee kumadzulo, kamwezi katsopano kali chapafupi. Tsiku ndi tsiku inkatsika, ndipo pofika pakati pa Ramadhani inasowa. Ndinkatuluka ndi kapu ya madzi m’manja, kuyang’ana, kulibe. Itangodutsa Idi, ndikukoleza moto wa mandasi isanakwane swala ya Subuhi, pemphero la m’bandakucha, ndinaiona kum’mawa, mbali ya ku Mozambiki, yomwe ija, kuwala komwe kuja. Ndinaima mpaka mafuta anayamba kufuka.

Tsopano mumve za bwalo la pa 3 Meyi, chifukwa ndikudziwa kuti anjomba anakuuzani kuti ndinawachita chipongwe. Tinayamba itatha swala ya masana mpaka dzuwa kulowa. A Osman anakhala pampando wanga wabwino uja, akuyang’ana nsapato zawo. Atatha kutiseweretsa uthenga wanu, anjomba anatsokomola n’kuyamba kundilangiza.

“Mwanaisha mwanangu, ngakhale mwezi kumwambaku uli ndi akazi awiri. Wa kumadzulo amaudyetsa bwino, n’chifukwa chake ukakhala kwa iye umanenepa. Wa kum’mawa, Nthanda, ndi waulesi ndi wansanje, amaumana chakudya, mwezi n’kumaonda mpaka kufa. Koma unamvapo kuti Nthanda wautayira mwezi katundu panja? Iwe sankha, ukhale mkazi wodyetsa.”

Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinagwada bwinobwino monga munandilerera, n’kunena kuti, “Anjomba, pepani, kodi akazi awiriwo munawaonapo onse tsiku limodzi?”

“Ukutanthauza chiyani?”

“Ndi nyenyezi imodzi, anjomba. Miyezi ina imagwira ntchito kumadzulo, miyezi ina kum’mawa. Amene mukumuyamika ndi amene mukumunyoza ndi munthu mmodzi. Ndiponso si mkazi wa mwezi. Ndi dziko palokha, lalikulu kuposa mweziwo kutalitali, ndipo mwezi ukanenepa kapena kuonda iye sizimukhudza.”

Anjomba anadzuka, anayang’ana kumadzulo, ndipo mwatsoka langa kunali nyenyezi ina yowala ndithu pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Anailoza ndi ndodo. “Nanga uyo ndani? Si mkazi wa kumadzulo ameneyo?”

Mwamwayi a Janeti anali atandichenjeza kale. Ndinati, “Ameneyo ndi Jupiter, anjomba. Ali ndi miyezi yakeyake yoposa makumi asanu ndi anayi. Ngati ndi nkhani ya ukwati, ndiye kuti iyeyo ndi amene ali pamitala.”

Najma anaseka mpaka anathawira kuseri kwa khitchini. Anjomba anati mapepala a mandasi andipengetsa, ndipo anamenya ndodo pansi: “Chifukwa. Tikufuna chifukwa. Sakumenya, samwa, chipembedzo chimamulola. Iwe wakhala zaka naini osamupatsa mwana, iye osakuthamangitsa. Ukufunanso chiyani?” Pamenepo chifukwa changa ndinachisunga mumtima. Sikuti ndinalibe choyankha.

Lachitatu lotsatira, chakumasana, panaima mtsikana pafupi ndi benchi langa. Woonda, wa mpango wobiriwira, akungopotokola chikwama m’manja. Ndinamudziwa ngakhale ndinali ndisanamuonepo, chifukwa chitenje anavalacho chinali chofanana ndi chimene a Osman anandigulira pa Idi ya chaka chatha. Kani anagula ziwiri. Ndinali ndi chiwaya cha mafuta owira patsogolo panga, ndipo maganizo amene anandibwerera Allah andikhululukire.

“Ndinu a Mwanaisha?” anafunsa.

“Ukundidziwa. Ukufuna angati?”

“Sindinabwerere mandasi. Ndimafuna ndifunse, mizu yowawa ija munamwa zaka zingati?”

Achimwene, mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Ndinamupatsa chigubu kuti akhalepo. Anandiuza kuti zaka ziwiri zatha, kwa iyenso kuli zii. Apongozi anamutengera kwa sing’anga yemwe uja ananditengera ine, botolo lomwe lija, mawu omwe aja akuti mimba yake ndi yozizira. Dzina lakuti chumba, limene ndalisenza ine zaka zonsezi, tsopano akumuitanira iye pachitsime. Mwezi watha anapita yekha kuchipatala mobisa. Anamuyeza zonse, anamupatsa pepala lonena kuti sakupeza vuto, abwere ndi bambo kuti nawonso ayezedwe.

“Ndiye anati chiyani?” ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

“Anati, ‘Ine ndine mwamuna, zoyezayeza n’za akazi.’ Ndiye anachoka sabata yathunthu.”

“Ankabwera kuno kudzagogoda,” ndinatero. Tinayang’anana, ndipo tinaseka kuseka koipa, kotuluka ndi misozi.

Apa ndiye pali chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anapita osachidziwa. Pepala ngati la Latifalo inenso ndili nalo. Lakhala pansi pa sutikesi ya amayi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandiyeza kawiri, sanapeze kanthu, anati ndibwere ndi bambo. A Osman anandiyankha mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Ine ndinapinda pepalalo, n’kupitiriza kumwa mizu, kuti mwamuna wanga asachite manyazi pagulu. Alamu anga, alongo awo a Osman, akamandiimbira nyimbo zokuluwika pamtondo ndinkangowerama. Inu nomwe munanditumizira mankhwala a m’botolo ochokera ku Joni, ndipo ndinathokoza.

Mundimvetse bwino. Sindikunena kuti vuto lili ndi a Osman. Sindikudziwa. Adokotala ananena kuti nthawi zina amayeza onse awiri osapeza kanthu, ndipo zikanakhala choncho ndikanapirira nawo mpaka imfa, chifukwa ndinkawakonda, ndipo mwina pang’ono ndikuwakondabe, n’chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Koma kusadziwa kulipo kuwiri. Anthu a m’buku langa sadziwa chimene chinatembenuza Nthanda, koma ayang’ana mpaka maso kuwawa, ndipo sanagwire munthu wosalakwa n’kumuuza kuti ndiwe unachititsa. A Osman sadziwa chifukwa akuopa kuyang’ana. M’malo mopita kuchipatala tsiku limodzi, anakatenga mwana wa eni ake kuti amuyesere, ndipo zitakanika kumenekonso akufuna abwerere kuno, mawa akatenge wachitatu. Ife tizingomwa mizu.

Chifukwa chimene munafuna ndi chimenecho. Ndakuuzani inu nokha. Pabwalo sindikachinena, ndipo inunso musakaike pa sipika, chifukwa sindikufuna kuvula munthu pagulu ngakhale iye anandisiya ine ndili chivulire zaka zonsezi. Mitala sindikutsutsana nayo, ilipo m’chipembedzo, koma ashehe omwe amanena kuti imafuna chilungamo, ndipo chilungamo sichiyamba ndi nandolo wabodza. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. A Osman avumbwa, koma ine si amene ndinagwetsa mvulayo.

Komanso ndinene mosapsatira. Ngakhale ndikanakhala wopanda chifukwa chilichonse, m’nyumba muno sindikanatuluka. Kuyambira liti munthu amafunika mwana kuti agone m’nyumba imene anamanga yekha? Dziko lathunthu likuyenda kumwambaku lopanda mwezi, likutembenukira kumene likufuna, akatswiri akanika kulifotokoza, koma palibe analichotsa pamalo pake. Ine ndakhala wofatsa nthawi yaitali, ndipo kufatsako kwandipindulira mabotolo opanda kanthu kuseri kwa bafa. Wamva m’mimba ndiye atsekula chitseko. Ndatsekula, achimwene, ndipo talaka, kalata yothetsa banja, ndikuifuna.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Choyamba, muwaimbire anjomba lisanafike tsiku la 31, muwauze kuti za nyumba zichoke pa nkhaniyi. Muimbirenso Najma mumufunse yekha. Anabwera kuno akulira, akuti iye sanapemphe nyumba ya munthu ndipo sangagone m’chipinda chimene mkulu wake wathamangitsidwamo. Chachiwiri n’chaching’ono. Ngati m’mashopu a mabuku akale kumeneko mungapeze buku la mapulaneti, mundigulire, mupatsire a Morris pobwerera. Likhale ndi mapepala onse. Ndikudziwa kuti mayankho mulibe, koma ndikufuna ndidzionere ndekha. Ndaikamo tsamba la Nthanda m’kalatamu kuti muone mtundu wake. Dontho lili pakonalo ndi mafuta, si la kumwamba.

Nkhani zina n’zochepa. Nanazi za kumunda kwa amayi zabereka bwino, mbuzi yamawanga ija yaswa awiri, ndipo denga la khitchini ndakonza mphepo isanalitenge.

Landirani moni kuchokera kwa Najma ndi ana ake onse. Wamkulu uja wayamba kufanana nanu mphumi. Anjomba sanandipatse moni woti ndipereke, koma ndikudziwa kuti mumtima akukufunirani zabwino. Alamu anga a Aminah, akazi anu, akupereka moni wambiri. Amasesabe pakhomo panu m’mawa uliwonse, ndipo akufunsa ngati Disembala amene munanena kuti mubwera ndi wa chaka chino, popeza atatu adutsa. Mundiperekerenso moni kwa mayi aja amayankha foni yanu m’mamawa. A Aminah sindinawauze kanthu. Kusunga zinsinsi za amuna ndimakutha, mwaona nokha, kungoti ntchito imeneyi yayamba kunditopetsa.

Pomaliza, Latifa akuti ndikupatseni moni mwaulemu, ngakhale simukumudziwa. Ali pompano, akusefa ufa wa mawa. Anabwera Lachinayi ndi kachikwama kamodzi, kwawo akuopa kubwerera chifukwa anamuuza kuti akapirire. M’bandakucha timadzuka limodzi, iye amakanda, ine ndimakazinga, ndipo Nthanda ikatuluka amaiyang’ana nthawi yaitali. Mabotolo ake ndi anga tinakataya kudzala.

Munafunsa kuti zipinda zitatu ndichita nazo chiyani. Chimodzi ndimagona ine, china akugona Latifa. Chapakati, cha amayi chija, ndasesa, ndayala mphasa yatsopano ndi bulangete lawo. Ngati mutawerenga zonsezi mukufunabe kuti ndituluke, musatumize mawu pafoni. Kwerani basi, mudzagone m’chipinda chimenecho usiku umodzi, ndipo kukacha mudzandiuze mukundiyang’ana m’maso. Madzi osamba mudzawapeza otentha.

Allah akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene ali pakhomo pake,

Mwanaisha